Momwe mungaunikire chithunzi chapapepala, ndi momwe mungamvere chanu chikamaunikidwa

Chithunzi chikamafika papepala, mwini wake amakhala atachiona kambirimbiri: m'kamera, pa negetivu kapena pa kompyuta, ndi pa timapepala toyesera. Maso ake amakhala atachizolowera moti saonanso chimene chili papepalapo, amaona chimene chinali m'mutu mwake tsiku lojambula lija. N'chifukwa chake amafuna maso a mnzake. Koma kawirikawiri zomwe amamva ndi "chakongola kwabasi" kapena "mukanaima chakumanzere pang'ono". Mawu oyambawo amakoma tsiku limodzi n'kutha. Achiwiriwo akunena za tsiku limene linapita kale. Onse awiri samuuza munthu choti achite akabwerera pa pulinta kapena m'chipinda chamdima. Ndemanga imene ndimaiwerengera ndi ija yom'bweza ku ntchito ali ndi chinthu chimodzi choti akayese pa pepala lotsatira, ndipo malangizo onsewa akulondola kumeneko.

Poyamba, ntchito ya mwini chithunzi

Musathamange nacho chikadali chachiwisi. Pepala la fibre (lopanda pulasitiki pamwamba) lotsukidwa m'chipinda chamdima, momwe amasindikiziramo zithunzi za filimu ndi mankhwala, limanamiza maso likakhala lonyowa: malo oyera amaoneka owala bwino, koma likauma amazilala, chithunzi n'kuoneka chodera kuposa momwe munachisiyira. Inki ya pulinta nayo imatenga nthawi kuti ikhazikike, makamaka ya dye, yomwe utoto wake umasungunuka m'madzi. Chisiyeni chigone tsiku lathunthu.

Kenako lembani zomwe munachita. Ngati ndi cha pulinta, lembani dzina la pepala, kukula kwake, mtundu wa inki ndi ICC profile (fayilo yogwirizanitsa mitundu ndi pulinta ndi pepala) imene munasankha. Ngati ndi cha m'chipinda chamdima, lembani pepala, masekondi omwe munaliwalitsa, malo omwe munatchinga kuwala kapena kuwonjezera, ndi nambala ya fyuluta yosintha kusiyana kwa zoyera ndi zakuda, yomwe pa mapepala monga Ilford Multigrade imayambira pa 00 kulekeza pa 5. Kumbuyo kwa pepala la fibre pensulo yofewa imalemba bwino. Bolopeni imadinda mpaka kumaso. Popanda zolembazi, munthu akakuuzani kuti muchepetse mdima pang'ono mudzasowa poyambira, chifukwa simukudziwa kuti mukuchepetsa kuchokera pati.

Ndiye bwerani ndi funso lenileni. "Mukuchiona bwanji?" si funso, ndi kupempha kuyamikiridwa, ndipo anthu aulemu adzakupatsani zomwe mwapemphazo. Funsani chonchi: "Nkhope ya agogowa ndimafuna ikhale mumdima koma maso aoneke. Akuoneka, kapena ndadetsa mopitirira?" Ngati mukukayika pakati pa njira ziwiri, sindikizani zonse ziwiri mubwere nazo. Munthu amasankha bwino akaona mapepala awiri moyandikana kusiyana ndi kuganizira m'mutu pepala lomwe kulibe. Zithunzi zisachuluke. Zitatu kapena zinayi zimakwana, chifukwa maso a woyang'ana amatopa ndipo zomaliza zimangolandira "nachonso chili bwino".

Konzani kuwala musanatsegule pakamwa

Apa ndi pamene mikangano yambiri yosafunika imayambira. Sikirini imatulutsa kuwala kwake, pamene pepala limangobweza kuwala komwe lalandira. Choncho chithunzi chimodzimodzi chimasintha malinga ndi chipinda. Pansi pa babu lachikasu, la pafupifupi 2700 K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala), malo oyera amaoneka achikasu ndipo buluu amafa. Pafupi ndi windo masana mtundu umabwerera. Anthu awiri akhoza kukangana kuti chithunzi ndi chodera kapena ayi, onse akunena zoona, kungoti aliyense anachionera pa nyale yake.

Osindikiza mabuku ndi zithunzi anagwirizana kalekale pa nkhaniyi. Muyezo wa ISO 3664 umanena za kuwala kotchedwa D50, komwe ndi pafupifupi 5000 K, kwa mphamvu ya 2000 lux (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) poyerekeza mitundu mosamalitsa, ndi 500 lux poona momwe chithunzi chidzaonekere pa malo wamba. Simukusowa kugula bokosi lapadera loonera kuti mupindule ndi mfundoyi. Windo lalikulu losalowa dzuwa mwachindunji limathandiza ndithu. Kuwala kubwere cham'mbali kuti pepala lisamanyezimire m'maso mwanu. Kumbuyo kwa chithunzi kukhale kotuwa kapena koyera, chifukwa khoma lofiira kapena nsalu yobiriwira imapaka mtundu wake papepala inu osazindikira. Ngati chili m'fulemu ya galasi ndipo n'zotheka kuchitulutsa, chitulutseni.

Funsaninso kumene chithunzicho chikakhale. Chokapachikidwa m'chipinda cha kuwala kochepa chiyenera kuonedwa pa kuwala kochepa komweko, apo ayi chidzaoneka bwino patsiku la ndemanga n'kukada pakhoma. Mukatha kuchiona pa windo, chipititseni pansi pa babu. Inki zina zimasintha mtundu kuwala kukasintha, ndipo zimaonekera kwambiri pa zithunzi zakuda ndi zoyera: masana chili chotuwa bwinobwino, usiku chayamba kubiriwira kapena kufiirira. Mapepala ena oyera mbee amakhala ndi mankhwala owalitsa omwe amadzuka ndi kuwala kwa dzuwa, kotero kuti masana amaoneka abuluu pang'ono. Zonsezi ndi zoyenera kumuuza mwini chithunzi.

Za kagwiridwe sindichulutsa: manja oyera ndi ouma, gwirani m'mphepete ndi manja onse awiri kuti pepala lisathyoke, ndipo polozera chala chisakhudze.

Nanga ngati wokuunikiraniyo ali kutali, ndipo mungomutumizira chithunzi cha chithunzicho? Chijambuleni pa kuwala kwa masana kofanana mbali zonse, flash itazimitsidwa, kamera italunjika ndendende. Mphepete yoyera ya pepala ioneke, ndipo pambali pake ikani khadi lotuwa. Onjezani china chapafupi choonetsa khungu la pepala. Inu amene mwalandira, dziwani malire anu. Mukhoza kunena za kakhalidwe ka zinthu m'chithunzimo, kadulidwe, ndi kumene diso likupita. Koma za kuzama kwa mdima kapena mtundu wolowerera, funsani m'malo mogamula: "Kuno mthunziwu watsekeka, papepala ukuoneka bwanji?" Zomwe mukuonazo zadutsa m'kamera ya mnzanu ndi sikirini yanu, ndipo chilichonse mwa izi chawonjezapo zake.

Yang'anani muli patali, mwakachetechete

Imani patali mokwanira kuti chithunzi chonse chilowe m'maso nthawi imodzi. Muyezo wosavuta ndi kutenga utali wochokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopingasa, n'kuima mtunda woposa pamenepo ndi theka kapena kawiri. Pa pepala la A3 ndi pafupifupi mita imodzi. Khalani chete mphindi imodzi kapena ziwiri. Mwini chithunzi adzafuna kudzaza batalo ndi nkhani ya momwe anavutikira pojambula. Mupempheni mwaulemu kuti adikire, chifukwa nkhaniyo ikalowa m'makutu mudzayamba kuona zimene wakuuzani.

Tsatirani diso lanu. Layamba kugwera pati? Kenako lapita kuti? Latulukira mbali iti? Diso limathamangira nkhope, malo owala kwambiri, ndi pamene choyera chagundana ndi chakuda. Ngati mwini amafuna muone manja a munthu koma diso lanu likungobwerera ku kachitini kowala kali pangodya, mwapeza kale chinthu chofunika kuposa zonse zomwe mungapeze ndi galasi lokulitsira. Tsinzinani pang'ono kuti tizinthu ting'onoting'ono tisowe, mutsale ndi zigawo zikuluzikulu za mdima ndi kuwala. Muthanso kuchizondotsa. Chikakhala chadodolido ubongo umaleka kunena kuti uyu ndi munthu, uwu ndi mtengo, ndipo mbali yolemera kuposa inzake imaonekera msanga.

Tsopano senderani pafupi

Yambani ndi kumdima. Kodi m'malo akudawo mukuoneka kanthu, monga ulusi wa chovala kapena makwinya a khungwa, kapena ndi bii basi? Kenako kumalo oyera. Mphepete ya pepala ndiyo muyezo wanu: paliponse pamene chithunzi chayera kufanana ndi mphepeteyo, pamenepo palibe chomwe chasindikizidwa. Pa kadontho ka kunyezimira kwa madzi palibe vuto. Koma thambo likayera chomwecho mpaka kukafika m'mphepete, malire a chithunzi amasowa ndipo diso limatulukira pomwepo.

Ojambula zithunzi Ansel Adams ndi Fred Archer, cha m'chaka cha 1940, anakonza njira yotchedwa Zone System, yogawa kuchokera kukuda kufika kukuyera m'magawo 11, kuyambira 0 mpaka X. Gawo V ndi kutuwa kwapakati. Gawo III ndi mdima womwe zinthu zimaonekabe bwino, ndipo gawo VIII ndi kuyera komwe kwatsala pang'ono kutaya zonse. Phindu lake pa ndemanga ndi lakuti mumapeza mawu oloza. "Jeketeli lagwera pa II, likanakwera pa III nsalu yake ikanaoneka" ndi chiganizo chomwe munthu angapite nacho kukagwira ntchito, pamene "chada kwambiri" chimamusiya akungoganizira kuti chada pati ndipo mochuluka bwanji.

Kumbukirani pepala lomwe lili m'manja mwanu. Losanyezimira silifika pa kuda kozama ngati lonyezimira, choncho musam'dzudzule munthu chifukwa cha chinthu chomwe pepalalo silingachite. Mukhoza kufunsa ngati pepalalo likugwirizana ndi chithunzicho, limenelo ndi funso labwino.

Pali zilema zina zomwe si nkhani ya kukonda kapena kusakonda, ndipo chilichonse chimaloza komwe chachokera. Timizere topingasa tofanana mipata, toonekera kwambiri pa thambo, nthawi zambiri timatanthauza kuti timabowo ta inki tatsekeka. Kamzere kowala kozungulira denga kapena mutu wa munthu kamabwera ndi kunoletsa chithunzi mopitirira pa kompyuta, kapena ndi dzanja lomwe linatchinga kuwala malo amodzi osagwedezeka. Timadontho toyera pa chithunzi cha m'chipinda chamdima ndi fumbi lomwe linali pa negetivu posindikiza, pamene takuda timasonyeza kuti fumbilo linali pa filimu nthawi yojambula. Mabanga achikasu kapena abulauni obwera patapita nthawi amaloza ku fixer (mankhwala okhazikitsa chithunzi papepala) wotha mphamvu kapena kutsuka kosakwanira. Pendeketsani pepala lonyezimira losindikizidwa ndi inki ya pigment, ya timaufa tautoto: malo akuda akamanyezimira ngati chitsulo chofiirira, inki ndi pepala sizikugwirizana. M'mphepete mwa zinthu mukaoneka timasitepe, mapikiselo achepa. Pa 300 ppi (mapikiselo 300 pa inchi iliyonse), chithunzi cha mainchi 10 ndi 8 chimafuna mapikiselo 3000 ndi 2400.

Mwaona zambiri tsopano, ndipo zambiri mwa izo simuzinena.

Kulankhula

Yambani ndi kufotokoza zomwe mwaona, osagamula. "Diso langa layamba pa windo, latsikira pa manja, ndipo nkhope ndaipeza pomaliza." Pamenepa simunanene kuti n'zabwino kapena zoipa, koma mwini chithunzi wadziwa kale ngati ulendo wa diso lanu ndi umene iye ankafuna.

Kenako funsani musanapereke maganizo. Liz Lerman, katswiri wa zovina wa ku America, anayambitsa mu 1990 njira yoperekera ndemanga yotchedwa Critical Response Process, ndipo imagwira bwino pa zithunzi. Oonera amayamba ndi kunena chomwe chawakhudza, mwini ntchito amafunsa mafunso ake, oonera amafunsa mafunso opanda chigamulo mkati, ndipo pomaliza amapereka maganizo atapempha kaye chilolezo. Chovuta kwambiri ndi chachitatucho. "N'chifukwa chiyani mwadetsa thambo chonchi?" likumveka ngati funso, koma mlandu waweruzidwa kale, ndipo munthu amayamba kudziteteza. "Munaganiza zotani posankha mdima wa thamboli?" limam'patsa mpata woti anene, ndipo yankho lake likuuzani ngati ndi cholinga kapena ngozi.

Kusiyanitsa cholinga ndi ngozi si nkhani yaing'ono. Buku la zithunzi la Robert Frank, The Americans, litatuluka ku United States mu 1959, olemba a magazini ya Popular Photography analinyoza chifukwa cha zithunzi zosaoneka bwino, zamchengamchenga ndi zopendekeka. Zomwe iwo ankati zilema zinali kajambulidwe komwe Frank anasankha, ndipo lero bukulo limawerengedwa pakati pa mabuku otchuka kwambiri a zithunzi. Adams nayenso chithunzi chake cha Moonrise, Hernandez, New Mexico, chojambulidwa mu 1941, sanachisindikize mofanana moyo wake wonse: m'zaka zam'tsogolo thambo analidetsa kwambiri kuposa poyamba, negetivu ili yomweyo. Ndiye mukaona thambo lakuda papepala la mnzanu, ntchito yanu ndi kuona ngati mdimawo ukuthandiza zomwe iye akufuna kunena, osati ngati inu mukanausankha.

Mukafika popereka maganizo, patulani za tsiku lojambula ndi za tsiku losindikiza. Pamene munthu anaima, nthawi yomwe anadina, kuwala kwa tsikulo, izi zimuthandiza ulendo wina, ndipo mukhoza kuzitchula mwachidule ngati wafunsa. Koma iye wabwera ndi pepala. Mdima, contrast (kusiyana kwa zoyera ndi zakuda), mtundu, kadulidwe, kukula, mtundu wa pepala, zonsezi akhoza kuzisintha mawa lomwe. Nthawi yanu yambiri ithere pamenepo.

Sankhani chinthu chimodzi, zikachuluka ziwiri. Tchulani malo, nenani chomwe malowo akuchita kwa woona, ndipo perekani choti ayese. Mwachitsanzo: "Ngodya yakumanja kumwambayi ikuwala kuposa nkhope, ndiye diso likuthawira kumeneko. Bwanji mutaidetsa pang'ono, kapena kudula chala chimodzi kumwambako, tione?" Za kudula musangonena pakamwa. Dulani makatoni awiri ooneka ngati chilembo cha L, muwaike pamwamba pa chithunzi mosamala, muziwasuntha nonse mukuona. Kawirikawiri mwini chithunzi amapeza yekha malo abwino kuposa omwe munkaganiza.

Kuyamikira nako kukhale koloza chimodzimodzi. "Kutuwa kwa khomali kwatuluka bwino, kukusintha pang'onopang'ono popanda kudumpha" kumamuuza munthu chomwe asasokoneze posindikizanso. Chizolowezi chokuta chidzudzulo ndi mawu okoma kutsogolo ndi kumbuyo sindigwirizana nacho. Anthu amachizindikira, ndipo amayamba kumva kuyamikira kulikonse ngati chenjezo loti chikwapu chikubwera. Ngati pali chabwino, chineneni chifukwa n'choona. Ngati pali cholakwika, musabise Chichewa, koma nenani za pepala, osati za munthu. Kwa woyamba kumene, sankhani chilema chomwe angathe kuchikonza ndi zida zomwe ali nazo. Kumuuza kuti agule pulinta ina kapena lenzi ina kumangom'gwetsa mphwayi.

Mukakhala inu wolandira

Tengani pepala ndi cholembera, mulembe zomwe zikunenedwa. Kulemba kumagwira pakamwa, komanso mawu omwe akuwawa lero mudzawawerenga mosiyana mtima ukatsika. Musafotokoze chithunzi pokhapokha mutafunsidwa. Chikakapachikidwa pakhoma simudzakhalapo kuti muzichilankhulira, choncho munthu akasokonezeka nacho, kusokonezekako ndi uthenga womwe munabwerera.

Mawu akakhala osaloza, funsani kuti: "Pati penipeni? Tandilozerani." Wonena kuti chithunzi "chilibe moyo" mwina akuona kuti mulibe chakuda chenicheni kapena choyera chenicheni, zonse zaunjikana pakati, kungoti alibe mawu ake. Mukam'funsa modekha adzakufikitsani pamalopo.

Siyanitsani chomwe munthu waona ndi mankhwala omwe akupereka. Anthu amalondola kawirikawiri akamati apa pali vuto, koma amaphonya kawirikawiri akamati likonzeni motere. Wina akati nkhope yada, muiwalitse, mwina nkhopeyo ili bwino, chovuta ndi khoma lowala lomwe lili pambali pake. Mukadetsa khomalo nkhope imadzuka yokha. Ndipo ngati anthu osiyanasiyana amakuuzani kuti zithunzi zanu zonse zimatuluka zakuda, musalimbane ndi chithunzi chimodzichimodzi. Yang'anani sikirini. Yambiri imabwera yowala mopitirira, ndiye mumakonza chithunzi mukuona ngati chawala, papepala n'kutuluka chakuda. Osindikiza ambiri amaitsitsa kufika pakati pa 80 ndi 120 cd/m², womwe ndi muyezo wa kuwala kwa sikirini.

Si ndemanga iliyonse yoti muitsatire. Munthu mmodzi akanena chinthu chotsutsana ndi cholinga chanu, mukhoza kuthokoza n'kuchisiya. Atatu osagwirizana akaloza malo amodzi, bwererani pamalopo ngakhale mumawakonda chotani. Onaninso amene akulankhula: wodziwa kusindikiza mumvereni pa za pepala ndi inki, koma munthu wosadziwa chilichonse cha kamera akakuuzani komwe diso lake lapita, ameneyo ndi mboni yabwino, poti ambiri odzaona chithunzi chanu adzakhala ngati iyeyo.

Musakasindikizenso usiku womwewo muli wokwiya kapena wokomedwa. Dikirani tsiku, muwerengenso zomwe munalemba, musankhe chinthu chimodzi. Sinthani chimenecho chokha. Mukasintha fyuluta, masekondi ndi kadulidwe nthawi imodzi, chithunzi chikakoma simudzadziwa chomwe chathandiza, chikaipa simudzadziwa chobweza. Yesani kaye pa kachidutswa ka pepala la mtundu womwewo, kokhala ndi malo ovutawo pamodzi ndi kachigawo ka malo oyandikana nawo, chifukwa mdima wa malo amodzi umaweruzidwa ndi zomwe zauzungulira. Kachidutswako nako kaume musanagamule.

Chatsopano chikauma, chiikeni pambali pa chakale pa kuwala komwe kuja, mulembe kumbuyo chomwe mwasintha, ndipo chakalecho musataye. Mukatero bwererani kwa amene anakuunikirani ndi mapepala onse awiri, osamuuza kuti latsopano ndi liti. Akasankha latsopano, lembani kusinthako m'kabuku kanu kuti mudzakukumbukire pa zithunzi zina zofanana. Akasankha lakale, kapena akalephera kusiyanitsa, ndiye kuti mwina munasintha pang'ono kwambiri kapena vuto lili pena. Pamenepo sindikizani kachidutswa kena mutapitiriza dala kusinthako mpaka kuonekere kuti kwanyanya, kenako muzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mufike pomwe malowo aleka kukoka diso.